Ndinapita ku Chilwa ndi Nzeru za pa YouTube

Ine ndine mwana wa m'tauni weniweni. Ndimakhala ku Maselema, pakati pa Blantyre ndi Limbe, ndipo madzi ochuluka amene ndinkawadziwa bwino anali a mtsinje wa Mudi ukasefukira m'dzinja. Nsomba ndinkazidziwira m'mbale ndi pa mabenchi a mumsika wa Limbe basi. Chimene chinandisokoneza mutu ndi bundle ya usiku. Ndinazolowera kugona mochedwa ndikuonera mavidiyo a anthu owedza m'nyanja yamchere ku Durban, ku Beira ndi ku Inhambane, anthu oponya chingwe kuseri kwa mafunde n'kukoka chinsomba chofika m'chiuno, ndipo posakhalitsa ndinali nditaloweza tide, lure ndi casting, ndikumazitchula ku ntchito ndi confidence yoti anzanga anayamba kundifunsa malangizo, ine amene chibadwire ndinali ndisanakolowekepo nyongolotsi pa mbedza.

Chimene chinkandiwawa n'chakuti dziko lathu silinagunde nyanja yaikulu, ndipo ndalama yopitira ku Beira ndinalibe. Tsiku lina mayi wina wogulitsa matemba ku Limbe anandiuza kuti, "Awa ndi a ku Chilwa, achimwene, kumene madzi ake ndi amchere." Usiku womwewo ndinafufuza, ndipo zinali zoona. Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula m'Malawi, yokhudza maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe. Mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe imathira m'menemo koma palibe mtsinje wotulukamo, choncho madzi amachoka pouma ndi dzuwa pokha, mchere n'kutsala. Ngakhale David Livingstone atafikako mu 1859 anapeza kuti madziwo sakoma kumwa. Ine ndinangomva zamcherezo n'kutseka foni. Zoti nyanjayi ndi yosaya, yamatope, yozunguliridwa ndi dambo la njedza, ndiponso kuti inaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018 mpaka anthu kumayenda pansi pamene pankadutsa mabwato, zonsezo ndinazidumpha. Mumtima ndinati madzi amchere ndi amodzi, zimene zimagwira ntchito ku Durban zikagwiranso padoko la Kachulu ku Chilwa.

Ndinagula ndodo yowedzera yokhala ndi reel pa kaunjika, chingwe chokhuthala choti chingakoke shaki, ndi nyambo zapulasitiki zonyezimira zotalika kuposa chikhatho changa. Practice ndinachitira kuseri kwa nyumba. Poponya koyamba ndinaiwala kutsegula kawaya ka pa reel, nyambo inazungulira n'kundimenya pakhutu, ndipo nditatsegula kawayako n'kuponyanso ndi mphamvu zanga zonse chingwe chinadumpha mpanda n'kukakola chitenje cha mayi oyandikana nafe chimene anachiyanika pa waya, ine osadziwa n'kumakoka mosangalala mpaka chitenjecho chinatulukira pamwamba pa mpanda ana a pa line yonse akuona. Ndinakapepesa nditagwira chipewa m'manja. Mayi a kunyumba anandifunsa mwaulemu kuti, "Bambo, simungayambe mwafunsa kaye anthu odziwa?" Ndinayankha kuti odziwawo ndawaonera kale.

Ulendo ndinaupanga Loweruka lina mu July, osaganiza n'komwe kuti iyi ndi nyengo ya mwera. Ndinadzuka mochedwa, ndinalimbana ndi ndodo yanga m'minibasi kuchoka ku Limbe mpaka ku Zomba ndikupepesa aliyense amene ndamubaya nayo, kenaka njinga yamoto pa msewu wafumbi wopita ku Kachulu, moti ndinafika padoko dzuwa lili pamutu, asodzi enieni akubwerako, amayi akugula matemba m'mabeseni n'kumayanika pa mathandala. Ndinayandikira gulu la anthu amene ankasoka ukonde, nditavala magalasi akuda ndi nsapato zanga zoyera za weekend, n'kufunsa mokweza kuti tide ikwera nthawi yanji. Kunangoti zii. Nditamasulira kuti ndikunena za madzi okwera ndi kutsika kawiri pa tsiku chifukwa cha mwezi, bambo wina wachikulire anayika chingwe pansi n'kunena mofatsa kuti, "Achimwene, zimenezo ndi za ku nyanja yaikulu. Kuno madzi amakwera ndi mvula, amatsika ndi chilimwe. Chimene muzifunsa ndi mphepo." Makutu anga anatentha, koma za mphepozo sindinafunse.

Bambowo anavomera kunditenga m'bwato lawo, koma anandichenjeza kuti nthawi yatha, tisapite kutali. Anandiuza kuti ndikhale pansi penipeni, pakati, ndisaimirire. Ine ndinakumbukira kuti m'mavidiyo anthu amaponya ataima, choncho titangotuluka m'kanjira ka m'njedza n'kuona chilumba cha Chisi patsogolo pathu ndinadzuka, bwato linapendekera kumanzere, ndinadziponyera kumanja, linapendekeranso kumeneko n'kumwa madzi, cooler box yanga yopanda kanthu inayandama n'kumapita, ndipo ndinapezeka nditagwada ndikugwira m'mphepete mwa bwato ndi manja onse awiri ndikuitana amayi anga amene anali ku Ndirande. Bambowo sanakalipe. Anandipatsa chigubu chodula n'kunena kuti, "Kapani madzi."

Nditakapa ndinayesa kuponya nditakhala. Nyambo inauluka bwino ndithu, mwina koyamba m'moyo wanga, n'kukatera m'katikati mwa njedza. Ndinakoka, inakana, ndinakoka mwaukali, chingwe chinabwerera chonse n'kupotana pa reel mfundo zosamasulika, ndipo nthawi imene ndinkati ndiziwedza ndinaithera kumasula mfundo ndi mano. Nyambo ina ndinaiponya pamadzi opanda njedza, koma pakuti inali yolemera, yopangira madzi akuya, inangomira n'kukakwiririka m'thope. Apa m'pamene bambowo anaitenga, anaitembenuza m'manja n'kundifunsa kuti ndikufuna kupha nsomba yanji. Anandifotokozera kuti nsomba zodalirika za m'Chilwa ndi zitatu: matemba, makumba ndi mlamba. Matemba amakoledwa ndi khoka kapena mono, makumba ndi matchera, ndipo mbedza imagwira bwino mlamba, koma pa nyambo yeniyeni yonunkha, chifukwa m'madzi amatope chonchi nsomba siiona patali, mlamba umasaka ndi ndevu zake. Nyambo yanga inali yaikulu kuposa temba lenilenilo. Ndinaibisa m'thumba mwakachetechete.

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo, koma ine ndinafuna kubweza ulemu wanga, ndiye ndinapempha kuti ndiyendetseko bwato. M'malo osaya chonchi sadalira nkhafi yokha, amakankha bwato ndi nsungwi yaitali yofika pansi, ndipo bambowo ankachita zimenezi mopepuka moti ndinaona ngati n'zosavuta. Ndinaizika nsungwiyo mwamphamvu, inalowa m'thope n'kukanirira, bwato linapitirira, ndipo m'malo moisiya ine ndinaikakamira, miyendo ili m'bwato manja ali pa nsungwi thupi likutalika pakati, mpaka ndinagwa chafufumimba. Ndinakuwa kuti ndikumira, ndinamenya madzi, ndinamwa ena, kenaka ndinamva mawu akuti, "Imirirani, achimwene." Nditaimirira madzi anali m'chifuwa. Koma miyendo inali ikulowa m'thope pang'onopang'ono, ndipo pondikokera m'bwato nsapato imodzi inatsala pansi, foni ili m'thumba la buluku, magalasi atapita. Anyamata amene ankadutsa pa boti lopita ku Chisi anaona zonse kuyambira pachiyambi.

Madzi amene ndinamwawo anandikumbutsa kuti sindinatenge akumwa. Ndinkaganiza kuti wopita kunyanja sasenza madzi. Pakamwa panali powawa, ludzu lili pakhosi, ndipo bambowo anandigawira a m'chigubu chawo akundiuza kuti a m'nyanjamo asandilowenso m'kamwa. Anandilozera timisasa ta asodzi tomangidwa pa udzu woyandama, timene amati zimbowera, mmene anthu amakhala milungu yambiri osaponda kumtunda, n'kunena kuti kolera yavutitsa kwambiri kumeneko. Nditabwerera kunyumba ndinawerenga kuti mu 2016 kunachitika ntchito yapadera yopereka katemera wa kolera kwa asodzi a m'zimbowerazo. Mantha a zimenezi anandigoneka maso kwa masiku angapo.

Mlamba ndinaupha ndithu, ndisaname. Bambowo anandipatsa kachingwe kawo, kambedza kakang'ono ndi nyongolotsi, n'kuimika bwato m'mphepete mwa njedza, ndipo patapita kanthawi chingwe chinagwedezeka. Chimwemwe chinandipitirira, ndinaugwira ndi dzanja lonse osamvera zoti ndiugwire kuseri kwa mutu, munga wa pachipsepse unandibaya pachikhatho, ndinakuwa n'kuutaya, unagwera m'bwato n'kumaterereka pakati pa miyendo yanga ine ndikudumphadumpha chokhala, mpaka unadziponya m'madzi ndi mbedza ya eni ake. Ndinakhala chete magazi akudontha, ndikuwerengera mumtima zinthu za bambowa zimene ndawononga.

Kenaka mwera unafika. Ndinkaganiza kuti nyanja yosaya singaopse, koma mphepo ikawomba pamadzi otambalala chonchi mafunde ake amakhala aafupi, otsatizana, omenya bwato mosalekeza. Bambowo anasiya kulankhula, analozetsa mutu wa bwato ku mafunde kuti asatimenye cham'mbali, n'kumalowera kumene njedza zimatchinga mphepo. Ine ndinali pansi ndikukapa, ndikunjenjemera ndi chisanu cha July m'zovala zonyowa, ndilibe life jacket, kusambira sindidziwa, ndipo apa ndinazindikira kuti munthu wachikulireyu ali pamadzi nthawi yolakwika chifukwa cha ine. Iye anali atanena padoko kuti nthawi yatha. Manyazi a chitenje ndi a nsapato ndimatha kuwapirira, koma awa amandilemerabe mpaka lero.

Titafika kumtunda ndinawalipira, ndinawonjezera ya mbedza, ndipo ndinapepesa pamaso pa anthu omwe aja ndinawafunsa za tide. Ndinabwerera ku Maselema usiku nditavala patapata wogula pa Kachulu. Malangizo amodzi a m'mavidiyo amene akanandithandiza, oti ukachoka m'madzi amchere utsuke reel ndi madzi abwino, ndinawaiwala, ndipo pofika sabata yotsatira inali itagwira dzimbiri ndi thope, yosazunguliranso.

Chilwa si malo oseweretsa. Mu 1996 inakhala malo oyamba m'Malawi kulembedwa pa mgwirizano wa Ramsar woteteza madambo ofunika padziko lonse, imadyetsa mabanja ambirimbiri, ndipo matemba amene timagula ku Limbe, ku Ndirande ndi ku Bangwe amachokera m'manja mwa anthu amene amaidziwa mphepo poyang'ana mtundu wa madzi. Ili ndi malamulo ake, makomiti a m'madoko, ndi nyengo ya m'dzinja imene makoka amaletsedwa kuti nsomba ziswane. Ine ndinalowamo osafunsa ngakhale chimodzi mwa zimenezi. Amene mukufuna kukawedza, kaya ku Chilwa, ku Mangochi kapena ku Beira komweko, fikani m'mamawa, funsani eni doko za mphepo ndi za nsomba zimene zilimo musanagule chida chilichonse, senzani madzi akumwa, valani life jacket, foni ikhale m'pulasitiki, ndipo akakuuzani kuti khalani pansi, khalani pansi.

Potsanzikana ndinawafunsa bambo aja ngati angandilole kubweranso. Anaganiza kaye, kenaka anati ndidzabwere mwera ukatha, ndidzagone pa Kachulu kuti tidzanyamuke kusanache, ndodo yanga ndidzaisiye ku Blantyre. Anati ulendo umenewo ntchito yanga idzakhala yokapa madzi ndi kukoloweka nyongolotsi, ndipo za nsungwi tidzakambirana akadzaona mmene ndikukhalira m'bwato. Ndinavomera zonse, ndipo life jacket ndagula kale.