Kodi sola amaizimitsira pati?

Mwana wanga woyamba, amene ali ku Johannesburg, anatumiza ndalama kuti tisiye kugona ndi koloboyi. Kwathu kuno kumbali ya Namitambo mawaya a ESCOM timangowaonera kumsewu. Mng'ono wake ananyamuka ulendo wa ku Limbe, madzulo n'kutulukira ndi panelo, batire, inveta ndi mpukutu wa waya. Ndinaitembenuza panelo ija uku ndi uku, n'kufunsa kuti swichi yake ili pati. Wailesi ili ndi pozimitsira, tochi ili napo. Apa panangotuluka mawaya awiri basi.

Anandiyankha ndi mnyamata wa m'mudzi woyandikana nawo amene anaphunzira zamagetsi, yemwe tinamuitana kuti adzatilumikizire.

"Amayi, iyi ilibe pozimitsira. Ikangoona kuwala ndiye kuti yayamba ntchito, ngakhale kunja kuli chiperoni."

Anatenga bulangete n'kuifunditsa ngati mwana, ndipo anayamba kugwira mawaya itafundidwa. Kenako anavundukula pang'ono, n'kundionetsa pa kachida kake koyezera. Panelo imene wogulitsa ankaitchula kuti ndi ya mavolti 12 inawerenga 21. Anati imodzi yotere siigwetsa munthu, koma zikalumikizidwa zambiri motsatizana, monga zija zopopa madzi kapena za pa zipatala, mavolti amaphatikizana mpaka mazana, ndipo nyesi yake imapha. Ndiye ine ndikufunsa: anyamata amene amakwera padenga dzuwa lili paliwombo, n'kumapota mawaya ndi manja okhaokha, alipo anawauza zimenezi? Nanga ana amene amasewera pansi pa mapanelo a pa thanki ya madzi?

Batire ndinkafuna likhale kunsi kwa bedi langa poopa akuba. Mnyamatayo anakana kwamtuwagalu. Anati batire la asidi likamadzaza limatulutsa mpweya wosanunkha, wosaoneka, umene umaphulika ukakumana ndi moto wa kandulo, machesi kapena ndudu. Liyenera kukhala popita mphepo, pathabwa, m'bokosi loboola kuti ana asalifikire. Ndinakhala chete. Ndinakumbukira nyumba zingapo za abale anga kumene batire lili pambali pa mphasa yogonapo ana, mawindo otseka, ndipo usiku likatha moto amayatsa kandulo pomwepo kuti aone chavuta n'chiyani. Kodi wogulitsa sakanatha kunena mawu awiri okhawa popereka chenji?

Ndinaonanso mnyamata uja akuvula wotchi ndi mphete, n'kukulunga sipanala yake ndi tepi. Apa ndiye ndinasokonezeka. Si iye yemwe anati mavolti 12 ndi ochepa? Anandifotokozera mofatsa kuti kuchepa kwa mavolti sikutanthauza kuti batire lilibe ukali. Chitsulo chikagunda mitu yake iwiri nthawi imodzi, mphamvu yonse imathamangira m'chitsulocho, chimafiira ngati khasu la pa ng'anjo, ndipo mphete ikhoza kuotcha chala mpaka pafupa. N'chifukwa chake pafupi ndi mutu wofiira pamayenera kukhala fyuzi, kachinthu kakang'ono kamene kamapsa kokha kuti nyumba isapse. M'katundu wathu munalibe fyuzi. Munalibenso kabokosi kotchedwa kontirola, kamene kamaletsa batire kudzaza mopitirira. Waya tinagulawo anati ndi woonda, wa sipika, ndipo utentha n'kusungunula khungu lake. Mwana wanga wamng'ono uja anabwerera ku Limbe m'mawa mwake. Sindinamukalipire, chifukwa akanadziwa bwanji? Anagula zimene anapatsidwa. Funso langa n'lakuti, kodi n'zololedwa kugulitsa panelo ndi batire popanda tinthu timene timateteza wogulayo? Wogulitsa njinga amaigulitsa yopanda mabuleki?

Padenga mnyamata wa zamagetsi uja sanakwere m'mamawa. Anadikira mame aume, poti malata onyowa ndi oterera ngati therere. Anavala nsapato zomanga, osati patapata, ndipo ankaponda motsata mzere wa misomali pamene pansi pali thabwa. Makwerero anamugwirira mnzake, ndipo panelo anaikoka ndi chingwe atafika kale pamwamba. Anailozetsa kumpoto, moipendeketsa pang'ono, chifukwa dziko lathu lili kummwera ndipo miyezi yozizira dzuwa limadzera kumpoto. Zimenezi ndinazimva msanga, popeza ndakhala ndikuona mmene mthunzi wa mango umasunthira mu Juni.

Anaimanga ndi mabawuti ku matabwa a denga. Koma mukayenda kuchokera kuno kukafika ku Nguludi kapena ku Njuli, mudzaona mapanelo opsinjidwa ndi njerwa ziwiri, ena omangidwa ndi linya. Ife a ku Chiradzulu sitifunika kuuzidwa za mphepo ndi mvula. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatigwetsera nyumba, ndipo ku Ntauchira matope ochokera m'phiri anakokolola mudzi. Chiyambire pamenepo, mitambo ikada mtima wanga sukhala m'malo. Galasi lokhala ndi chitsulo m'mbali likauluka padenga, limakagwera pa yani? Njerwa zija nazo zimakagwera pa yani?

Chimene chinandiopsa kwambiri ndi inveta. Ine ndinkayesa kuti magetsi a dzuwa ndi ofatsa kuposa a ESCOM, popeza dzuwa timaliothera tsiku lililonse. Mnyamata uja anati ayi, chotuluka mu inveta ndi mavolti 230, chimodzimodzi a m'tauni, ndipo chimapha chimodzimodzi. Nanga bwanji m'mashopu otchajitsa mafoni ndi ometa tsitsi mawaya amangopotedwa n'kukulungidwa ndi jumbo, n'kumayenda pansi pamene makanda amakwawa? Anandiuzanso kuti amene ali ndi magetsi a ESCOM n'kuwonjezera inveta popanda swichi yosiyanitsa njira ziwirizo akhoza kubweza moto m'mawaya a panja, n'kupha munthu amene wakwera polo akuganiza kuti magetsi azimitsidwa. Mwini nyumba ali phee kuonera mpira, osadziwa kanthu.

Ndinamva pa wailesi kuti ku Salima anatsegula malo aakulu a sola a mamegawati 60 m'chaka cha 2021. Malo otere amakhala ndi mpanda, ndipo ogwira ntchito amavala zipewa zolimba ndi magolovesi. Dzuwa la ku Salima ndi lomweli la ku Namitambo. Akuti bungwe la MERA limapereka ziphaso kwa olumikiza magetsi. Kodi n'chipongwe mayi ngati ine kuuza mnyamata kuti, "Mwanawe, ndione kaye pepala lako usanakwere padenga langa"? Ndikaliona, ndizindikira bwanji kuti n'lenileni?

Sola yathu ikuyaka, ndipo adzukulu akuwerenga usiku. Koma dzana ndinapeza ana kuseri kwa nyumba ya mnansi wanga akutokosa batire lakufa ndi kamtengo, manja ali mbuu. Mnyamata uja anandiuzapo kuti mkati mwake muli mtovu, umene umawononga ubongo wa mwana mwakachetechete. Ndinawasambitsa m'manja ndi sopo, batirelo n'kuliika pamwamba pa khola. Lathunso tsiku lina lidzafa. M'dzala sindingataye, m'chimbudzi sindingaponye chifukwa chitsime chili kumunsi. Ndidzapita nalo kuti?