Madzi saiwala khwawa, ngakhale ku England

Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Ankaganiza za chidakwa chimene chimalapa Lamlungu n'kupezeka kumowa Lachitatu, koma mwambiwu wakakwaniranso mneni wina wa Angerezi, wade. Lero mneniyu amatanthauza kuyenda m'madzi wapansi, thalauza utapinda, nsapato zili m'manja, phazi likufufuza mwala pansi.

Zaka zoposa 1,000 zapitazo mawuwa anali wadan, ndipo analibe nawo ntchito madzi. Ankangotanthauza kupita, kuyenda cham'tsogolo. Mu ndakatulo yakale ya Beowulf, chilombo chotchedwa Grendel chikuyenda usiku kukadya anthu m'nyumba ya mfumu, mneni wake ndi yemweyu. Abale ake aliponso: Ajeremani ali ndi waten, Adatchi waden, ndipo Aroma anali ndi vadere, kupita, mawu amene adabala invade, kulowa dziko la eni ndi nkhondo, ndi evade, kuzemba, makamaka msonkho. Banja lake ndi lotere, wina wankhondo, wina wozemba boma.

Kenaka cha m'ma 1200 mneniyu adagwera mumtsinje n'kukhazikika momwemo. Sindikudabwa. M'dziko lamvula ngati England, milatho isanachuluke, ulendo unkatanthauza kunyowa. Ngakhale Oxford, kumene anthu amakavala mikanjo ya maphunziro n'kumayenda monyada, dzina lake limangoti powolokera ng'ombe. Mbalame zamiyendo italiitali zoyenda m'madambo zidatchedwa waders, nsapato za mphira zofika pachifuwa za asodzi chimodzimodzi. Ndipo bakha, mwini madzi weniweniyo, adangopatsidwa nyenyeswa: waddle, kuyenda mogwedeza matako uku ndi uku.

Adatchi adasandutsa vuto kukhala chisangalalo. Kunyanja ya Wadden, imene UNESCO idaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2009, madzi akaphwa anthu amalipira wowatsogolera kuti akayende m'matope kupita kuzilumba. Kulipira ndithu, ndalama yeniyeni.

Koma khwawa lakale lija likuitana. Milatho idamangidwa, Mngerezi wamakono amatha chaka osanyowa bondo, ndiye mneniyu watuluka m'madzi kubwerera kumtunda kumene adachokera. Kungoti wabwerako ndi kulemera kwa mumtsinje m'miyendo. Tsopano munthu wa ku London amachita wade through makalata a pakompyuta omwe aunjikana ali patchuthi, mafomu a msonkho, ndi malamulo ataliatali aja amene foni imakufunsa ngati wawerenga, iwe n'kuvomera bodza dzuwa likuswa mtengo. Wakhala pampando wofewa, tiyi ali pambali, koma akudandaula ngati madzi amufika m'khosi.

Amene amandisangalatsa kwambiri ndi wade in, kudzilowetsa pamkangano wa eni mwaphuma. Woyenda m'madzi wakale ankayamba watosa ndodo kuona kuya, n'kufunsa eni dera ngati kuli dzenje. Wa pa Facebook alibe nthawi imeneyo. Waona mutu wa nkhani, nkhaniyo sadaitsegule, amene akukanganawo sakuwadziwa, chubwi! Pofika madzulo watukwana mlamu wa bwana wake, ndipo akuuza aliyense kuti foni anabwereka mwana.