Galimoto yanga yoyamba ikuchokera ku Joni

Kuno ku Chiradzulu mwamuna ukakwatira umanyamula kachikwama kako n'kukakhala kwawo kwa mkazi. Munda ndi wa akazi ako, ana ndi a mbumba ya kuchikazi, ngakhale mtengo wa mango umene unabzala ndi manja ako, tsiku lofuna kuudula umayamba wapempha. Ine pachikamwini ndakhalapo mpaka imvi zayamba kusuzumira, ndipo nkhani zikuluzikulu za pakhomo pano ndimazimva zitatha kale. Ndiye mumvetse mmene mtima wanga unadumphira pamene alamu anga, eni mbumba enieni, amene ali pantchito ku Johannesburg, ananditumizira mawu pa WhatsApp ofuna maganizo anga. Anga, ineyo.

"Alamu, mphwanga uja wakhoza bwino mayeso, ndikufuna ndimugulire galimoto ya limoti imene wakhala akulirira ija. Koma kuno m'sitolo akundifunsa kuti brushed kapena brushless. Inu ndinu bambo ake, sankhani."

Ndinayankha nthawi yomweyo ndi mawu a munthu wozolowera kufunsidwa: "Zimenezo ndimazidziwa bwino, alamu. Mundipatse mpata ndiunike." Chinthu cha tayala chimene chili m'dzina langa ndi wilibala basi, nayonso imakokera kumanzere.

Komabe musandiderere, galimoto ndinayendetsapo. Ya mawaya. Tinkasolola waya pampanda, sindinena mpanda wa ndani, n'kumupinda ndi mwala, pena ndi mano. Matayala anali a zitini za polishi wa nsapato, zomangira zake mphira wa chubu cha njinga, chiwongolero chachitali chofika m'chiuno. Injini inali pakamwa. Ukafuna lole yolemedwa pachitunda unkangotsitsa mawu, malovu ali waliwali pachibwano. Galimoto imeneyo sinandiimitsepo pamzere wa mafuta. Koma mwana wanga akuti imeneyo ndi yakale, iye akufuna yoyenda yokha mwiniwake ali khale pakhonde.

Safunsa adadya phula, choncho ndinavala jekete langa la kutchalitchi n'kupita kwa mmisiri wowotcherera zitsulo pa Mbulumbuzi. Ndinafunsa mozungulira, ngati ndikufunsira mnzanga wina wosadziwa zinthu. Mmisiriyo sanayankhe. Anangotenga gilayinda yake, n'kumasula kachitsekerero kapambali, n'kutulutsa kanthu kakuda kochepera nsonga ya chala, kali ndi kasipuling'i ndi kawaya ka mkuwa kumchira. Anandigwira dzanja n'kukakhwekhweretsa pachikhatho, pamenepo panatsala mzere wakuda.

"Burashi ndi imeneyi, achimwene. Ndi kakala kolimba. Magetsi ayenera kufika pachinthu chimene chikuzungulira m'kati mwa mota. Mukamangapo waya, apotoka n'kuduka. Ndiye anaikamo timakala tiwiri, sipuling'i n'kumatikankha kuti tizikhudza timkuwa tozungulirato. Chikamakhuzana chimatentha, chimathetheka, chimaperepeseka. Aka kanali katali kawiri kuposa apa."

Anandiuzanso kuti mota za m'tigalimoto totchipa zambiri ndi zomata, maburashi akatha umataya mota yonse n'kuikamo ina, koma siidula, ndipo abale ake amapezeka m'madirilo akale a batire. Ili ndi mawaya awiri okha. Ukafuna kudziwa ngati ili moyo, umangoigunditsa kubatire. Ikazungulira ndiye kuti vuto lili kwina. Fumbi lathuli imadana nalo, chifukwa mchenga ukalowa umathandiza kudya makala aja. Nditamufunsa za yopanda maburashi, anapukuta manja pa ovololo n'kunena kuti, "Imeneyo ikafa musabwere nayo kuno."

Za yachiwiriyo ndinakazimva kwa mnyamata wa pamudzi woyandikana nawo amene akuphunzira zauinjiniya ku MUBAS, kumene ife akale timati ku Poly. Mwanayu ndinamuona akuyenda opanda kabudula, koma tsiku limenelo ndinakhala pansi iye ali pampando. Anajambula padothi ndi kamtengo. Akuti akatswiri anaitembenuza motayo: mawaya okulungidwa aja amangokhala phee, chimene chimazungulira ndi maginito. Palibe kakala kokhuza chilichonse, motero siithetheka, siitaya mphamvu yambiri potentha, imakhalitsa, ndipo pa batire lomwelo imathamanga kuposa inzake. Koma ili ndi mawaya atatu, ndipo mukaigunditsa kubatire mwachindunji siizungulira. Pamafunika kabokosi kotchedwa ESC kamene kamaiuza, kambirimbiri pa sekondi iliyonse, kuti tsopano magetsi alowe waya uyu, tsopano uyo, tsopano winayo.

Ndinayang'ana chojambula chija ndi chifundo. Chinthu champhamvu, cholimbikira ntchito, chosadandaula, koma chosatha kutembenuka popanda wochiuza. Ndinazindikira mkamwini mnzanga.

Mnyamatayo ndiye anandiwonongeratu mutu atanena kuti mota zomwezi ndi zimene zimaulutsa ma drone. Anandikumbutsa kuti mu 2017 boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera tindege timeneti ku Kasungu, ndipo mu January 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa sukulu yake, African Drone and Data Academy. Kenako anatsegula foni. Galimoto za maburashi, akuti zambiri zimathera pa makilomita 20 kapena 30 pa ola. Yopanda maburashi 60 ndi masewera, ndipo kampani ina ya ku America, Traxxas, inapanga ina yotchedwa XO-1 yofika 160. Kachidole, abale anga, kothamanga kuposa minibasi ya ku Limbe dalaivala ataona anthu pasiteji yakutsogolo.

Pobwerera ndinkayenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo. M'maganizo mwanga ndinali nditafika kale pabwalo la mpira tsiku la msika, limoti m'manja, fumbi lili koboo, akabaza atasiya makasitomala kudzaonerera, amfumu akufunsa kuti, "Kodi mkuluyu anakwatira kwa yani?" Mwana wanga m'maloto amenewa analimo ndithu. Anali atanyamula katoni.

Madzulo ake ndinaitanitsa msonkhano wa banja, woyamba kuitanitsa ine. Ndinafotokoza za maginito, za mawaya atatu, za ku Kasungu. Mayi a kunyumba anamvetsera akusola nandolo, osadzutsa mutu. Nditamaliza anafunsa kuti makilomita 60 pa ola ndiye kuti chiyani pabwalo pathu pano. Mwana, amene masamu anatengera kuchikazi, anawerengera pachikuto cha kope n'kupeza kuti ndi pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Tonse tinatembenuka kuyang'ana panja. Kuchokera pakhonde pathu kukafika pakhola la nkhuku la apongozi anga sipakwana mamita amenewo. Pakati pake pali mtondo, thandala la mbale, chigubu cha mkaka choyanika, ndi mphasa imene apongoziwo amawotherapo dzuwa atatambasula miyendo.

"Ndiye mukuti musanaphethire n'komwe ikhala itafika pamiyendo ya amayi?"

Ndinati pali mabuleki. Iwo anati wilibala ilibe injini koma ndinagwetsa nayo nkhokwe.

Nkhani inakula titafika pa batire. Za maburashi zotchipa zambiri zimabwera ndi batire lofatsa, la mtundu wa NiMH, lopirira nkhanza za ana. Zothamangazo kawirikawiri zimadya LiPo, batire lopepuka, lamphamvu, koma lamkwiyo. Limafuna tchaja yakeyake, silifuna kusiyidwa padzuwa, silifuna kukamidwa mpaka kutheratu, ndipo likatupa kapena kubooledwa limatha kuyaka moto wovuta kuzimitsa. Ife mafoni timakatchajitsa kubabashopu ya sola, kumene mnyamata amalumikiza mafoni khumi pachingwe chimodzi iye n'kumameta munthu. Khitchini yathu ndi yofolera ndi udzu. Mayi a kunyumba anayang'ana denga, n'kuyang'ana ine, osanena kanthu. Ndiponso galimoto zonse ziwirizi, akuti, zimasewera mphindi 15 kapena 20, kenako batire n'kukagona patchaja ola lathunthu kapena kupitirira. Kwathu kuno kutanthauza ulendo wapansi kupita kumsika ndi kubwerera, ndalama yotchajitsira ili m'manja, pofuna chisangalalo chosakwana nthawi yophika ndiwo zamasamba.

Za mtengo ndinayesa kuzilambalala ponena kuti olipira ndi alamu. Koma yopanda maburashi imadula kwambiri, nthawi zina kuwirikiza, ndipo kabokosi kaja kakapsa palibe pa Njuli, pa Namadzi kapena pa Boma pamene mungakapeze. Ndiye kuti kuitanitsanso ku Joni, m'marandi. Chichokereni November 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, mawu oti randi ndimawatchula nditavula chipewa. John Chilembwe ndi wakwathu konkuno, wa ku Mbombwe, ndipo nkhope yake ili pa K2,000, koma m'thumba mwanga amangodutsamo osakhala pansi, ngati kuti si munthu wa m'boma lomwe lino.

Funso lomaliza linabwera mayiwo akukung'untha lichero.

"Inu bambo, galimotoyi ndi ya mwana kapena ndi yanu?"

Ndinati ndi ya mwana, ine ndikungomuganizira za tsogolo lake pa sayansi. Anati tsogolo lake pa sayansi likufuna nsapato za kusukulu. Mwanayo naye, amene ndinkamudalira kuti aima nane, anati iye alibe nazo ntchito za mawaya awiri kapena atatu, bola ikhale yofiira ndiponso yoyatsa magetsi kutsogolo.

Ndiye chigamulo changa, chimene ndinachipanga ndekha popanda wondikakamiza, mayi a kunyumba ataima pambali panga n'kundigwirira foni, n'chakuti tikutenga ya maburashi. Wophunzira kuyendetsa amagunda zinthu, ndipo kugunda mtondo pa liwiro la njinga kumasiyana ndi kuugunda pa liwiro la ambulasi. Ikafa, mmisiri wa pa Mbulumbuzi aitsegula. Yopanda maburashi ndi yabwinodi kuposa inzake pa liwiro ndi pa kukhalitsa, zimenezo sinditsutsa, koma imafuna bwalo lalikulu, magetsi apakhoma ndi munthu amene akaphwanya chinthu amafunsa mtengo akumwetulira. Ndinawauzanso alamu kuti aikemo batire lachiwiri, ndipo ndalama yotsalayo, malinga ndi maganizo amene anandifikira kuchokera kumanzere kwanga, atumize ya feteleza.

Alamu anayamikira kwambiri nzeru zanga. Akuti katunduyo abwera ndi amathiransipota nyengo ya Khrisimasi, pamodzi ndi bulangete la apongozi. Malamulo atuluka kale galimoto isanadutse n'komwe pa Mwanza: limoti izikhala m'chikwama cha mayi, mwana aziyendetsa akaweruka kusukulu ndiponso akamaliza kumwetsa ng'ombe, ine ndiziyendetsa pokhapokha pofuna kuona ngati batire ladzaza.

Tsono inu a m'mudzi muno, mukadzandiona m'mawa wina ana ali m'kalasi, ndili kuseri kwa tchalitchi ndi jekete langa, ndikuthamangira kanthu kofiira ndipo pakamwa pakulira injini, musakanene kunyumba. Ndikuyesa batire.