Mapanga Awiri ndi Mawu a Pansi pa Kanema

Akuluakulu amene anatisiyira mwambi wakuti mapanga awiri avumbwitsa anali kunena za munthu wa mitima iwiri, amene mvula ikamupeza kuthengo amaima pakati, nasinkhasinkha kuti phanga labwino ndi liti kufikira nsalu yonse itanyowa. Ndipo sindikhulupirira kuti mwa iwo munali ngakhale mmodzi amene analota kuti mawu awo adzamugwera munthu wokhala m'nyumba yamalata yosadontha, maso ali pa kompyuta, akuyesa kuika mawu pansi pa kanema wa 3D. Komatu kanema wotereyu ndi mapanga awiri enieni, pakuti ali ndi zithunzi ziwiri, china cha diso lamanzere, china cha diso lamanja, zosiyana pang'ono monga momwe maso athu atalikirana, ndipo bongo ndi umene umaziphatikiza kuti zinthu zioneke zakuya. Charles Wheatstone anaonetsa nzeru imeneyi kale mu 1838, koma mavuto athu anachuluka Avatar wa James Cameron atatuluka mu 2009, pamene aliyense anafuna kuti mikondo izimuulukira m'chipinda chake chochezera.

Taonani mmene tsoka limayambira. Makanema ambiri otere amasungidwa zithunzi ziwirizo zitagundizana, kotero kuti pa timadontho 1920 toyambira kumanzere kufika kumanja, diso lililonse limalandira 960, chithunzi chake chitafinyidwa. TV ndiyo imazilekanitsa ndi kuzitambasulanso. Tsono fayilo ya SRT, imene ili yofatsa ndi yosadziwa kanthu koma nthawi ndi mawu okha, imakaika chiganizo chake pakati penipeni, pa malire a mapanga awiriwo, monga inazolowera kuyambira ubwana wake. TV ikafika ndi lupanga imachita chimene Mfumu Solomo anangoopseza nacho, ndipo pano palibe mayi woti alire kuti mwana asadulidwe. Chiyambi cha chiganizo chimakapezeka kumphepete kwa kumanja, chikuonedwa ndi diso lamanzere lokha, mathero ake ali kumanzere, akuonedwa ndi lamanja lokha, ndipo woonera amatsala akuphethira osadziwa ngati mnyamata wa m'kanemayo wafunsira mbeta kapena watukwana apongozi.

Mankhwala ake akanawadabwitsa makolo athu, chifukwa mawu sauzidwa kuti asankhe phanga limodzi, koma alowe monse muwiri nthawi imodzi. Chiganizo chilichonse chimalembedwa kawiri, chofinyidwa ndi theka, china m'chigawo chamanzere, china m'chamanja, kaya ndi fayilo ya ASS imene imalola kunena malo ake enieni a mawu, kaya powasandutsa zithunzi. Munthu akafika apa amayamba kuimba mluzu, osadziwa kuti mitambo ikungosonkhana kumene. Pakuti mawu awiriwo akakhala pa malo ofanana ndendende, amaoneka ngati amatidwa pa galasi la TV. Ndiye pakabwera dzanja la chilombo lotulukira kutsogolo kwa galasilo, maso amaona mawu akuphimba dzanja, pamene kuya kukunena kuti dzanja ndilo lili pafupi, ndipo mlandu umenewu, umene ngakhale nyakwawa yodziwa kuweruza singauthe, umagamulidwa ndi mutu waching'alang'ala. Kuti mawu abwere kutsogolo, a diso lamanzere amasunthidwira kumanja pang'ono, a diso lamanja kumanzere. Wosokoneza mbali ziwirizi, ndipo amene sanasokonezepo aimike mkono, amawaona mawu ake atamira m'chifuwa cha wosewera.

Amene anakonza zimbale za Blu-ray 3D anaganizapo ndithu, chifukwa chimbale chimatha kunyamula mindandanda yofika 32 youza mawu kuya koti akhalepo mphindi iliyonse. Koma kanema akasamutsidwa pa chimbale kupita mu fayilo ya MKV, malangizo amenewa kawirikawiri amatsala m'njira, kapena mawu a chinenero china amapatsidwa mndandanda wa anzawo. Apa m'pamene munthu amathamangira kwa asing'anga, mapulogalamu onga BD3D2MK3D, tsMuxeR, BDSup2Sub. Ndipo wotsirizayu, poti ndi sing'anga wa mwambo, sagwira ula usanamupatse Java. Uthenga wa cholakwa ukatuluka umakhala wa mawu ochepa ndi aulemu wochepanso, wongodziwitsa kuti zakanika, osatchula kuti zakanikira pati.

Machimo akale nawo sanalape chifukwa choti kanema wakhala wa maso awiri. Mawu okonzedwera kanema wa zithunzi 25 pa sekondi ukawaika pa wa 23.976 amayamba bwinobwino, koma pakutha kwa ola amakhala atatsogola ndi mphindi ziwiri ndi theka, akulengeza maliro mwini wake akadali kudya. Fayilo ya UTF-8 ikawerengedwa ngati Windows-1252, Malaŵi amasanduka MalaÅµi, kawiri konse, diso lililonse ndi lake.

Chondimvetsa chisoni koposa ndi maonekedwe a munthu wa ntchitoyi pakati pa usiku. Wavala magalasi akuda pamwamba pa magalasi ake owerengera. Atsinzina diso lamanzere, natsinzina lamanja, kuti aone ngati mbali sizinasinthane. Avula magalasi kuti awerenge uthenga wa cholakwa, navalanso, nasuntha mawu timadontho tinayi, nabweza tiwiri. Mayi a m'nyumba akasuzumira pakhomo napeza bambo akutsinzinira kompyuta diso limodzi, mawu amene amatsatira safuna kulembedwa pansi kuti amveke.

Ndipo zonsezi amazichitira TV imene eni ake anaitaya kale, pakuti LG ndi Sony analeka kupanga ma TV a 3D mu 2017. Mwa onse amene anagwirapo ntchito ya makanema amenewa, ine ndimasirira André de Toth, amene anatsogolera House of Wax mu 1953, kanema amene anakokera makamu ku 3D m'masiku amenewo. Bambo ameneyu anali ndi diso limodzi lokha loona, kotero kuti kuya konse kumene anthu anali kukuwa nako m'maholo iye sanakuonepo, ndipo ndalama zake analandira zonse.