Tayala Lopanda Chubu

Chiyambire 1999, pamene makampani a ku France, Mavic, Michelin ndi Hutchinson, anabweretsa tayala la njinga lopanda chubu, alaliki ake akhala akutilonjeza chipulumutso ku minga, ponena kuti madzi a mphira othiridwa m'kati mwake, tayala likabooka, amathamangira pachibowo ndi kuuma pomwepo, mwini njinga asanatsike n'komwe pachishalo. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pakuti madziwo, ngakhale njinga ingokhala pakhonde, amauma okha pakapita miyezi 2 kufikira 6, makamaka kotentha, nasanduka zibuma za mphira zogubuduka m'tayala.

Chotero wokhulupirika aliyense ayenera kugwedeza gudumu namvetsera ngati madzi akali kukhuvuka, kumasula kamtima ka valavu, kuthiramo mamililita 60 kapena kuposerapo, ndi kupopa mwamphamvu kufikira milomo ya tayala itakhala pa limu ndi phokoso lodzidzimutsa agalu. Ndipo taonani, atatsiriza mwambo wonsewu, munthu yemweyo amene dzulo anatemberera chubu pamaso pa anzake, amachipinda mwaulemu nachibisa m'thumba, kuopa kuti mwala ungang'ambe tayala moposa mphamvu ya madziwo.