Mmene Mungazunzire Ofesi Yonse ndi Ma Timer a Foni

Ngati ndinu wa IT ndipo abwana ayamba kuiwala dzina lanu, musadandaule. Lowani m'kachipinda kozizira kaja momwe muli gateway, kabokosi kolumikiza mafoni a mu ofesi ndi intaneti, mukaseweretse ma timer. Sabata isanathe aliyense azikusakani, ngakhale mesenjala.

Yambani ndi interdigit timeout, nthawi imene makina amadikira munthu akadina nambala imodzi kuti aone ngati ina ikubwera. Gateway ya Cisco imabwera ili pa masekondi 10. Pa pulogalamu yawo yoyendetsa mafoni, Unified Communications Manager, pomwe amaitcha T302, ndi 15. Itsitseni ifike pa 2. Mayi aku akaunti, amene amawerenga nambala pakapepala uku akukonza magalasi, foni izinyamuka iwo ali pakati pa nambala, ndipo aziganiza kuti ndi ukalamba. Mukafuna, ikwezeni ifike pa 30, munthu azikhala ali duu, foni kukhutu, osadziwa ngati yapita kapena yafa. Zoti kudina # kumapeto kumauza makina kuti nambala yatha, musauze munthu. Pajatu mumadyera pomwepo.

Kenako pitani ku SIP, chinenero chimene makinawa amalankhulana polumikiza foni. Amene adalemba malamulo ake, RFC 3261, mu 2002 adaika timer ya T1 pa mamilisekondi 500, ndipo ma timer ena angapo amawerengedwa kuchokera pamenepo. Kuchulukitsa T1 ka 64 kumapereka masekondi 32, nambala yoti muziikonda ngati mwana wanu wachisamba. Mzere woyamba ukafa, gateway imatumiza INVITE, uthenga woyambitsa foni, mobwerezabwereza, kudikira kukuwirikiza: theka la sekondi, imodzi, awiri, anayi, mpaka itatopa n'kuyesa mzere wachiwiri. Akatswiri ofatsa amatsitsa retry invite kuchoka pa 6 kufika pa 2 kuti isamachedwe. Inu musaikhudze. Kasitomala wofunadi katundu adikira.

Koma zokoma zenizeni zili pa foni yoti yalowa bwinobwino. Mbali imodzi yatumiza 200 OK kuvomera foni, ikudikira ACK yotsimikiza kuti inayo yamva, koma ACK yasochera pa NAT, pamene maadilesi a mu ofesi amasinthidwa kukhala a pa intaneti, chifukwa adilesi yolembedwa mu uthengawo ndi ya mkati mwa ofesi. Anthu akumvana ndithu, akuseka, koma makina akuwerenga chamumtima. Pa masekondi 32, phwii, yadula. Taganizani: "Mwadzuka bwanji? Nanga ana? Amayi kumudzi akupeza bwanji? Mvula ikugwa kumeneko?" Munthu akangoti "Ndimati ndikufunseni za invoisi ija," basi zathera pomwepo. Akayimbanso ayambiranso moni, chifukwa sangalumphe moni ngati wosaleredwa. Abwana akafunsa, auzeni kuti mwathetsa macheza pa nthawi ya ntchito. Mwina n'kukukwezani.

Misonkhano yaitali ili ndi mankhwala ake. Session timer ya mu RFC 4028 nthawi zambiri imakhala masekondi 1800, ndipo ikafika theka makina amafunsana ngati onse akadali moyo. Lolani firewall imeze funsolo, msonkhano uzitha wokha mphindi 30 zisanakwane. Apa pokha, kunena zoona, ena adzakuthokozani.

Pa zonsezi musamayang'ane ngati malo amene mukulembapo akufuna masekondi kapena mamilisekondi. Lembani 15 paliponse, zina Mulungu adziwa. Musasinthe timer imodzi n'kuyesa. Sinthani zisanu nthawi imodzi, makamaka Lachisanu madzulo, kenako zimitsani foni yanu ya m'manja. Zimene mwasintha musalembe pena paliponse.

Tsiku lina mudzakonza zonse mwangozi, mafoni n'kuyamba kuyenda bwino. Zikadzatero, chonde musalembe write memory, lamulo losunga zimene mwasintha. Magetsi akangozima, gateway idzabwerera ku zakale, ndipo Lolemba m'mawa adzakuyitananinso ndi ulemu wonse.