Buku la Ngongole la ku Muzvezve ndi Lamulo la 2021

Lamulo la Cyber and Data Protection Act, lomwe dziko la Zimbabwe lidakhazikitsa mu Disembala 2021, lidapatsa bungwe la POTRAZ, loyang'anira za mapositi ndi matelefoni, udindo woonetsetsa kuti aliyense wosunga maina, manambala a foni ndi a zitupa za anthu ena akuzisamala. Malamulo otsatira a mu Seputembala 2024, otchedwa Statutory Instrument 155, adaonjeza kuti wosunga mbiri za anthu 50 mpaka 1,000 azigula laisensi ya madola 50 a ku America chaka chilichonse, pamene kampani yosunga za anthu opitirira 500,000 izilipira madola 2,500. Mfundozi zidafika pa kagolosale ka agogo ena a ku Muzvezve, mbadwa ya ku Dedza yomwe idakalambira mu mgodi wa Cam and Motor kufupi ndi Kadoma, kudzera mwa mdzukulu wawo wamkazi wophunzira ku Harare.

"Agogo, inu tsopano ndinu data controller, ndiye kuti munthu wolamula chifukwa chosungira mbiri za anzake ndi kasungidwe kake, ndipo boma likufuna kukudziwani."

"Boma lidadziwa kale," adatero agogo, "popeza azungu a ku Gatooma, komwe lero ndi ku Kadoma, adadinda chala ichi pa chitupa amako asanabadwe, osafunsa mwini chala ngati walola. Nanga udindo watsopanowu uli ndi malipiro?"

Mdzukulu adavomera kuti malipiro alipo ndithu, koma wolipira ndi iwo. Kenaka adaloza chikatoni chokhomedwa pachitseko, pomwe padalembedwa ndi makala maina a okumba golide omwe adatenga ufa, kapenta ndi fodya pa ngongole, nakumbutsa kuti ndime 57 ya malamulo aakulu a dziko a 2013 imateteza chinsinsi cha munthu aliyense, wangongole yemwe. Agogo adayankha kuti wangongole alibe chinsinsi, ali ndi miyendo, ndipo chikatonicho chidabweza ndalama zambiri kuposa bwalo lililonse la milandu la ku Chegutu.

"Nanga nambala yachinsinsi ya EcoCash, ya ndalama za pafoni, mudailemberanji pakhoma, kuseri kwa shuga?"

"Kuti isaiwalike, iwe. Chinsinsi choiwalika ndi cha yani?"

Apa mdzukulu adalongosola kuti foni ikabedwa kapena wina akalowa m'kati mwake mwachinyengo, lamulo limafuna kuti mwini bizinesi adziwitse POTRAZ pasanathe maola 24. Agogo adaseka kwambiri, nati wakuba maina a angongole asiyidwe akatolere yekha, aone mmene zimawawira. Komatu pamfundo iyi mtsikanayo ndiye anali wolondola, chifukwa wakuba wotere safuna buku ayi, koma amalembera aliyense wa pamndandanda uthenga wonamizira golosale, wakuti ngongole itumizidwe pa nambala yatsopano, ndipo ndalama zikapita, wolipirayo amabwera ndi umboni pafoni pake pamene mwini golosale sanalandire kanthu. Agogo adadzuka mwakachetechete nakasuntha thumba la shuga kuti libise bwino khomalo.

Nkhani idakula atafika pa data protection officer, yemwe ndi munthu wosankhidwa ndi bizinesi kuti aziona ngati lamuloli likutsatidwa ndi kulumikizana ndi POTRAZ.

"Ameneyo alipo kale," adatero agogo. "Agogo ako aakazi ndi namkungwi, ndipo za kuchinamwali sanaululepo ngakhale kwa mwamuna wawo chikwatiranireni."

"Pamafunika satifiketi ya maphunziro ovomerezeka, agogo, ndipo wosunga mbiri za anthu popanda laisensi akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kukhala m'ndende mpaka zaka 7."

Agogo adaopseza kuti ngati zili choncho anyamula sikelo yawo ndi kubwerera ku Dedza, koma adauzidwa kuti nakonso ku Malawi lamulo lofanana nalo lidakhazikitsidwa mu 2024 ndipo woliyang'anira ndi bungwe la MACRA. Atakhala kanthawi akusisita ndevu, adafunsa ngati lamulolo limatchula za buku la chikuto cholimba lolembedwa ndi bolopeni, ndipo mdzukulu, yemwe sadaphunzitsidwe kunama, adavomera kuti mawu ake amanena za mbiri zosungidwa ndi makina, kaya zonse kaya mbali chabe.

"Tsono maina aja adalowa bwanji m'foni?"

"Adakoperedwa pa Khirisimasi, agogo, kuti zinthu ziziyenda mwamakono."

"Ndi yani?"

Funsoli silidayankhidwe. Agogo adatsegula bukulo, nawerenga ndi chala chodindidwa chija mpaka adapeza maina 51, ndipo ngakhale mdzukulu adayesa kunena kuti udindo wosamala mbiri za anthu sutha chifukwa choti maina achepa, iwo anali atawerengera kale kuti kuchotsa awiri kukuwatulutsa m'gulu logula laisensi. Dzina loyamba linali la bambo ake a mtsikanayo, lachiwiri lake lomwe, la ndalama ya basi ya ku Harare yomwe adabwereka chaka chatha.

"Lipira tsono, mayi wa malamulo, ndipo za abambo ako uperekeretu. Zisabwere pafoni ayi; ziwerengedwe pano pa kauntala."